Rhodium: Mbiri ya Dzina Losowa la ku Migodi ya Rustenburg

M'malipoti a makampani okumba miyala m'dera la Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, mumapezeka dzina lina limene ngakhale eni Chingerezi ambiri sanalitchulepo chibadwire. Dzinalo ndi rhodium. Ndi dzina la chitsulo choyera ngati siliva, chimene chimapezeka pang'ono kwambiri pansi pano, ndipo pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a chitsulochi amachokera ku South Africa. Munthu wolankhula Chichewa kapena Chinyanja akaliona dzinali papepala amayamba wadodoma. Kodi h wotsatana ndi r akuchitapo chiyani? Maphatikizo ake ndi angati? Liwu likwere pati? Mayankho a mafunsowa akuchokera kutali, ku Greece wakale, ku London, ku migodi ya ku Joni, mpaka ku malamulo a kalembedwe a m'maiko amene chilankhulochi chimalankhulidwa.

Nkhani iyambire pa chitsulocho. Anthu a ku Spain amene ankasefa golide m'mitsinje ya dziko limene lero likutchedwa Colombia ankakumana ndi timiyala toyera tolemera, tokana kusungunuka pamoto. Anatitcha platina, kutanthauza kasiliva kakang'ono, dzina lonyoza, poti tinkawasokonezera golide wawo. Antonio de Ulloa analemba za timiyalati m'buku limene linatuluka mu 1748, ndipo akatswiri a ku Ulaya anayamba kutifufuza. Cha mu 1800, William Hyde Wollaston ndi mnzake Smithson Tennant anagula mulu wa miyalayi ku London nayamba kuisungunula ndi asidi. Anapeza kuti m'kati mwa pulatinamu munabisala zitsulo zinanso. Tennant anatulukira osmium ndi iridium, pamene Wollaston anatulukira palladium, kenaka mu 1804 analengeza za chitsulo china chimene mchere wake unali wofiirira ngati duwa la rozi. Duwali pa Chigiriki ndi rhodon, ndiye chitsulocho anachitcha rhodium. Chachisanu ndi chimodzi cha banjali, ruthenium, anachipeza Karl Ernst Claus ku Kazan, m'dziko la Russia, mu 1844.

H wozunguzayo ndi cholowa cha Agiriki. Pa Chigiriki chakale, r woyamba mawu ankatuluka ndi kampweya, ndipo alembi ankaika kachizindikiro pamwamba pa lembolo. Aroma pobwereka mawu a Chigiriki anasandutsa kachizindikiroko kukhala h, n'kumalemba rh. Chingerezi chinatengera kalembedweka ku Chilatini pamene kampweyako kanali katazilala kalekale. N'chifukwa chake m'mawu monga rhythm, rhetoric ndi rhinoceros, h amangolembedwa koma samveka. Zilankhulo zina zinamutaya h ameneyu. Pa Chiafrikaans, chimene chimamveka kwambiri ku Rustenburg, amalemba rodium, ndipo a ku Tete ndi ku Niassa amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi amalidziwa dzinali kuti ródio.

Pa Chingerezi dzinali lili ndi maphatikizo atatu: rho-di-um. Mphamvu imagwera pa phatikizo loyamba, limene o wake amakokedwa n'kuthera ngati u. Phatikizo lachiwiri ndi lalifupi, ndipo lachitatu ndi lofooka zedi moti lembo lake la liwu silimveka bwino ngati ndi a kapena u. Limangodutsa, milomo n'kutsekeka pa m. Zinthu ziwiri pamenepa n'zachilendo ku Chichewa: o wosintha pakati pa njira, ndiponso mawu othera pa lembo lopanda liwu.

Mchewa ali ndi chifukwa chinanso chododomera, ndipo n'chomveka. M'kalembedwe ka Chichewa h ali ndi ntchito yeniyeni. Akatsatana ndi p, t kapena k amasonyeza kuti lembolo lituluke ndi mpweya, ndipo kusiyanako kumasintha tanthauzo: kupa si kupha, ndipo kola si khola. Mwana amene anazolowera kuti h aliyense ali ndi chochita, akakumana ndi rh amafunafuna mpweya umene palibe, mwinanso akhoza kulowetsa lembo la liwu pakati n'kuwerenga kuti rohodiyamu. Chosangalatsa n'chakuti chizolowezi chomwechi chimamupindulira pena. Likulu la Abafokeng, eni nthaka ya migodi yambiri ya kumeneko, ndi Phokeng. Mngerezi amakopeka kuliwerenga ndi f, monga amachitira ndi dzina la Phiri, pamene Mchewa amalitchula molondola ulendo woyamba, popeza ph wa Chitswana ndi yemweyo wa m'mawu oti phiri ndi phala. Pa ruthenium zinthu zimatembenuka: th wa Chingerezi amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, koma Mchewa amamuwerenga ngati wa m'mawu oti thumba.

Palinso msampha wa mbiri. Anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anamuonapo kale rh m'dzina la Rhodesia ndi la Cecil John Rhodes, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti chitsulochi chinatchedwa dzina la munthu wa migodi ameneyu. Zaka zikukana. Wollaston anatcha chitsulocho mu 1804, pamene Rhodes anabadwa mu 1853, ndipo dzina la Rhodesia linakhazikitsidwa mu 1895. Komabe rh wa Rhodesia anafika ndithu ku Rustenburg kudzera njira ina. Kampani ya London and Rhodesian Mining and Land Company, imene inayamba mu 1909, inafupikitsa dzina lake kukhala Lonrho. Pansi pa Tiny Rowland kampaniyi inakula m'maiko ambiri a mu Africa. Ku Malawi inkadziwika ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, imene inapita m'manja mwa Illovo mu 1997. Ku South Africa inatsegula migodi ya pulatinamu kufupi ndi Marikana kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1999 mbali yake ya migodi inatenga dzina loti Lonmin. Wodula nzimbe wa ku Chikwawa ndi woboola mwala wa ku Marikana anakhalapo antchito a bwana mmodzi, ngakhale sankadziwana.

Momwe miyalayi inapezekera ndi nkhani ya m'chaka cha 1924. Mlimi wina, Andries Lombaard, anapeza timiyala ta pulatinamu mu mtsinje pa famu ya Maandagshoek, m'dera la Lydenburg. Katswiri wa miyala Hans Merensky anatsimikiza, nalondola mzere wa mwalawo, ndipo pasanapite nthawi unapezekanso kumadzulo, cha ku Rustenburg. Mzerewu mpaka lero umatchedwa Merensky Reef, ndipo ndi gawo la chimwala chachikulu cha pansi pa nthaka chotchedwa Bushveld Complex. Rustenburg, tauni imene Mabunu anakhazikitsa mu 1851 m'tsinde mwa mapiri a Magaliesberg, ndipo dzina lake limatanthauza mudzi wa mpumulo, inasanduka likulu la pulatinamu pa dziko lonse. Kampani ya Rustenburg Platinum Mines inapangidwa mu 1931. Impala Platinum inayamba kukumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pa nthaka ya Abafokeng, nthaka imene makolo awo anagula m'zaka za m'ma 1800 pansi pa mfumu August Mokgatle, ndi ndalama zimene anyamata anakagwirira ntchito ku migodi ya dayamondi ku Kimberley.

Kwa zaka zambiri rhodium anali chotsalira chabe, chopezeka poyenga pulatinamu. Chimene chinamukweza ndi utsi wa galimoto. Dziko la America litakhwimitsa malamulo a mpweya mu 1970, opanga galimoto anayamba kuika kachipangizo koyeretsa utsi m'paipi yotulutsira utsiwo, kuyambira pa galimoto za mu 1975. Posakhalitsa kunadziwika kuti rhodium ndiye amaphwanya bwino koposa mpweya woipa wa nayitirojeni. Makampani anatembenukira ku mzere wina wa mwala wotchedwa UG2, umene uli pansi pa wa Merensky ndipo uli ndi rhodium wochulukirapo. Popeza dziko lonse limatulutsa matani pafupifupi 30 okha pa chaka, mtengo wake umalumpha ngati chiwala. Mu 2008 aunsi imodzi inakwera kufika pa madola 10,000 a ku America, n'kugwa kwambiri chaka chomwecho. Mu Marichi 2021 inayandikira madola 30,000, kuposa golide kakhumi ndi kuwonjezera.

Tsono anthu olankhula Chichewa analowa bwanji m'nkhani ya migodi ya kumwera? Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene eni migodi ya golide anakhazikitsa kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, linkalemba anthu ntchito m'maiko a kumpoto. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo amuna a ku Nyasaland anayambanso kutsika mwaunyinji. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ambiri mwa iwo m'migodi ya golide. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya bungweli inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulembako. Kunayambiranso mu 1977, bungwe litasintha dzina kukhala The Employment Bureau of Africa, ndipo kunatha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza anthu kachirombo ka HIV. Njira imene inatsegulidwa nthawi imeneyo sinatsekeke. Mpaka lero anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe amapita ku matauni a migodi, kuphatikizapo Rustenburg, kukafuna ntchito zosiyanasiyana.

Amuna amenewa anabwerera ndi masutikesi, mabulangete ndi njinga, komanso ndi mawu. Malembo anayi a WNLA, amene sangatchulike pamodzi, anawapatsa malembo a liwu n'kukhala Wenela. Johannesburg, dzina la maphatikizo anayi odzaza ndi malembo ogundana, linadulidwa n'kutsala Joni. TEBA inasanduka Theba, ndipo pamenepa khutu linagwira chinthu chimene diso silikanaona: t wa Chingerezi woyamba mawu amatuluka ndi mpweya, ndiye Mchewa anamumva kuti ndi th wake. Mawu oti mgodi ndi apachibale ndi umgodi wa Chizulu, ndipo matchona, anthu amene anapita osabwerako, akuchokera ku mawu a Chizulu otanthauza kulowa kapena kuzimirira, monga limachitira dzuwa. Ku Zambia compound inasanduka komboni. Pansi pa mgodi anthu a mitundu yosiyana ankamvana pa Fanakalo, chilankhulo chosakaniza chimene thunthu lake ndi Chizulu, chokhala ndi mawu ena a Chingerezi ndi Chiafrikaans. Ku Zimbabwe chinkatchedwa Chilapalapa. Mawu ambiri a Chingerezi anafika m'Chichewa atadutsa kale m'sefa ya zilankhulo za kumwerako.

Palibe amene anawaphunzitsa amunawa malamulo a kubwereka mawu, koma anatsata malamulo okhazikika, omwewo amene anabala sukulu, sitolo ndi supuni. Lamulo loyamba n'lakuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Malembo opanda liwu akagundana m'njira imene Chichewa sichilola, pakati pake pamalowa lembo la liwu. Kawirikawiri limalowa ndi i, monga mu sitima ndi sitolo. Pambuyo pa malembo otchulidwa ndi milomo, monga p, b, f ndi m, pamakonda kulowa u, monga mu buledi, timu ndi filimu. Nthawi zina lembo lolowalo limangotengera mnzake woyandikana naye, monga mu galasi ndi sukulu. Ndi malamulo amenewa platinum, wa maphatikizo atatu, amakhala pu-la-ti-na-mu, wa maphatikizo asanu. Lamulo lina n'lakuti i akagundana ndi lembo la liwu linzake, y amalowa pakati. Okonda mpira amadziwa sitediyamu, ndipo amene anatsata nkhani za mgodi wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009, anazolowera yureniyamu.

Potsata njira yomweyi, rhodium amakhala ndi maphatikizo anayi: ro-di-ya-mu. H amagwa poti alibe ntchito, o amakhala o weniweni wosasintha, y amalekanitsa i ndi a, ndipo u amatsekera kumapeto chifukwa cha m. Amene analiphunzira dzinali powerenga akhoza kunena kuti rodiyumu, potsata u wolembedwa, pamene amene analimva ndi khutu anganene kuti rodiyamu. Mawu amene alipo kale, sitediyamu ndi yureniyamu, ali kumbali ya khutu. Pa nkhani ya mphamvu, Chichewa chili ndi njira ziwiri zogwirira ntchito limodzi. Phatikizo limene linali ndi mphamvu pa Chingerezi limakonda kusunga liwu lokwera, monga zimamvekera mu ofesi, koleji ndi sekondale, pomwe liwu limakwera koyambirira. Koma phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika mawuwo akakhala kothera kwa chiganizo. Choncho ro amakwera, ya amatalika, ndipo dzinalo limamveka la Chichewa popanda kutaya chizindikiro cha kumene linachokera. Ngakhale d wake ali ndi nkhani: d wa m'mawu obwereka monga dokotala amamveka mosiyana ndi d wa mu dengu kapena dambo, amene potchula mpweya umakhala ngati ukubwerera m'kati.

Chotsala ndi lembo loyamba, ndipo apa ndi pamene olemba amasiyana maganizo. Pa Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndipo linawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Malamulowo anati r alembedwe pambuyo pa i kapena e, ndipo l alembedwe pena paliponse. Potsata lamuloli, dzina loyamba ndi liwu limeneli liyenera kulembedwa ndi l, ndipo mawu akale obwereka akuchitira umboni: labala, lula, lipoti. Ndiye kuti lodiyamu ali ndi maziko olimba. Komabe rodiyamu alinso ndi chomuikira kumbuyo. Chizindikiro cha chitsulochi pa sayansi ndi Rh m'dziko lililonse, ndipo wophunzira amene akudziwa rodiyamu sadzavutika kuchigwirizanitsa ndi Rh, rhodium kapena ródio akawoloka malire. Mayina ngati Roma ndi Rute analoledwa kale kuyamba ndi r m'mabuku a Chichewa.

Kusiyanaku n'kofunika chifukwa chilankhulochi chili ndi kalembedwe kosiyana m'maiko atatu. Zambia inavomereza kalembedwe kake mu 1977, ndipo kumeneko amalemba Cinyanja ndi c yekha, n'kusungira ch malo amene Amalawi amalemba tch. Ku Mozambique akatswiri a pa yunivesite ya Eduardo Mondlane anachititsa msonkhano woyamba wa kalembedwe ka zilankhulo za m'dzikomo mu 1988. Ku Malawi ntchito ya Chichewa Board inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Mawu akale monga madzi ndi nyumba savutika ndi malire. Amene amavutika ndi mawu atsopano a sayansi, popeza mwana wa ku Chipata ndi wa ku Dedza amawalandira kudzera m'Chingerezi, pamene wa ku Angónia amawalandira kudzera m'Chipwitikizi. Ngati olemba sagwirizana msanga, chitsulo chimodzi chidzakhala ndi mayina atatu pakati pa anthu a mtundu umodzi, amene Gule Wamkulu ndi mwambo wa Kulamba ku Mkaika zimawasonkhanitsa chaka ndi chaka.

Funso lina ndi lakuti, n'chifukwa chiyani Wenela, Joni ndi Theba analowa m'Chichewa kalekale, koma rhodium akadali mlendo? Yankho lili m'kagwiridwe ka ntchitoyo. Wokumba saona rhodium ndi maso. Mu tani yathunthu ya mwala mumakhala magalamu owerengeka okha a zitsulo zonse za banjali pamodzi, ndipo rhodium ndi kagawo kakang'ono ka magalamuwo. Mwalawo umaperedwa, n'kusefedwa, n'kusungunulidwa, ndipo zitsulozo zimalekanitsidwa patapita milungu, m'mafakitale oyengera otetezedwa kwambiri monga a ku Rustenburg ndi ku Springs. Makampani powerengera zokolola amalemba 4E, kutanthauza pulatinamu, palladium, rhodium ndi golide. Anthu amabwereka dzina la chinthu chimene akuchigwira, kuchiopa kapena kuchilakalaka. Dzina la wolemba ntchito linalowa chifukwa linkalamulira moyo wa banja lonse. Dzina la chitsulo chodula koposa linatsalira m'maofesi ndi m'misika ya ku London ndi ku New York, kumene mtengo wake umakambidwa.

Mtunda umene uli pakati pa wokumba ndi mtengo wa chimene akukumba unaonekera poyera mu Ogasiti 2012. Oboola mwala pa mgodi wa Lonmin ku Marikana ananyanyala ntchito, kufuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Anasonkhana pa kaphiri, ndipo ambiri ankalankhulana ndi apolisi pa Fanakalo. Pa 16 Ogasiti apolisi anawombera ndi kupha anthu 34. Mu 2014 antchito a m'migodi ya Lonmin, Impala ndi Anglo American Platinum ananyanyalanso kwa miyezi isanu, kuyambira Januwale mpaka Juni, motsogozedwa ndi bungwe la AMCU. Kenaka umwini unasintha: Sibanye inagula migodi ya ku Rustenburg ya Anglo American Platinum mu 2016, ndi Lonmin mu 2019. M'mikangano yonseyi nkhani inali ya kagawidwe ka phindu, ndipo munthu sangatsutse bwino za phindu la chinthu chimene sangathe kuchitchula kapena kuwerenga mtengo wake m'chilankhulo chimene amaganiziramo.

Nkhaniyi sili kutali ndi kwawo kwa olankhula Chichewa. Ku Zimbabwe, kumene zidzukulu za matchona a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique zinakhazikika m'matauni a migodi, zitsulo zomwezi zikukumbidwa m'mzere wa Great Dyke, pa migodi ya Ngezi, Mimosa ndi Unki. Ku Malawi mayina ena achilendo ayamba kumveka pa wailesi ndi m'misonkhano ya mafumu, monga rutile wa ku Kasiya ndi niobium wa ku Kanyika. Anthu a m'midzi imeneyo akufunsidwa maganizo pa za malo awo, manda awo ndi madzi awo, ndipo zikalata zambiri zimabwera m'Chingerezi. Womasulira amene waima pakati pa kampani ndi mudzi ayenera kusankha katchulidwe, ndipo chimene iye wasankha ndicho anthu adzagwire. Malamulo omuthandiza alipo kale, omwewo amene amuna a pa Wenela anatsata osawalemba: phatikizo lililonse lithere pa lembo la liwu, lembo losamveka lichotsedwe, y alekanitse malembo a liwu ogundana, ndipo liwu likwere pamene eni dzinalo amaika mphamvu. Ndi malamulo amenewa niobium amakhala ni-yo-bi-ya-mu, palladium amakhala pa-le-di-ya-mu, ndipo dzina limene Wollaston anatenga ku duwa la rozi mu 1804 limakhala ro-di-ya-mu, maphatikizo anayi amene mwana wa Sitandade 2 angathe kuwerenga pa bolodi.